Masewera a pa kompyuta ndi mwana amene masamu amamukanika

M'makalasi ambiri mumapezeka mwana amene amawerenga bwino ndipo amakhoza maphunziro ena, koma ikafika nthawi ya masamu amangoti kakasi. Ali mu Sitandade 4 koma amadalirabe zala kuti aphatikize 3 ndi 2, ndipo mukamufunsa kuti nambala yaikulu ndi iti pakati pa 7 ndi 9, amayamba waganiza kaye. Akatswiri amatcha vutoli dyscalculia, ndipo limapezeka mwa ana 3 mpaka 7 pa ana 100 alionse. Mwanayo si waulesi ayi; chimene chimamuvuta ndi kulumikiza chizindikiro cha nambala ndi kuchuluka kwa zinthu zimene chizindikirocho chikuimira.

Apa ndi pamene masewera okonzedwa bwino amathandiza. The Number Race, imene Anna Wilson ndi Stanislas Dehaene anakonza ku France, imaonetsa mwana milu iwiri ya timadontho kuti asankhe wochuluka, kenako pang'onopang'ono timadonthoto timalowedwa m'malo ndi manambala olembedwa. Mwana akamalephera, mafunso amapepuka okha, akamakhoza, amalimbako. Mphunzitsi wa ana 100 m'chipinda chimodzi sangathe kuchita zimenezi kwa mwana aliyense, ngakhale atakhala wodzipereka chotani. Chinanso chimene ndimachiona kukhala chachikulu n'chakuti mwana akalakwa pa tabuleti palibe anzake omuseka, ndipo mantha a masamu, amene nthawi zina amalemera kuposa vuto lenilenilo, amayamba kuchepa.

Kuno ku Malawi, matabuleti okhala ndi mapulogalamu a Chichewa a bungwe la onebillion afika kale m'sukulu zambiri za pulayimale. Mapulogalamuwa anakonzedwera ana onse, osati a vutoli okha, choncho mphunzitsi ayenera kukhala tcheru kuti azindikire mwana amene akungogogoda mwamwayi.

Makolo asamale ndi masewera othamangitsana ndi nthawi, chifukwa amangowonjezera nkhawa kwa mwana wotereyu. Adziwenso kuti kukhoza m'masewera sikutanthauza kuti mwanayo akhozanso m'kope. N'chifukwa chake akamaliza kusewera, ngakhale kwa mphindi 20 zokha, wamkulu akhale naye pansi ndi nyemba kapena zitsekerero za mabotolo, mwanayo ayale yekha zimene anaona pa tabuleti, azitchule mokweza, kenako alembe nambala yake.