Akalemba kuti hyperchromia, sikuti magazi achuluka

Mayi ena anandipeza pakhonde la labu atanyamula pepala la zotsatira za magazi akumwetulira, akuti adokotala apa alemba hyperchromia, mwana wanga waona pafoni kuti ndi mtundu wochuluka ndiye kuti magazi ndili nawo ambiri eti? Ndinawakhazika pansi kaye, chifukwa pepala lomwelo limaonetsa kuti magazi ndi ochepa ndithu.

Selo lofiira la magazi limakhala ngati kambale, m'mbali mokhuthala pakati popyapyala, ndiye pa maikulosikopu pakatipo pamaoneka potuwa. Kufiirako kumachokera ku himogulobini, yomwe imanyamula okosijeni. Zomwe timaona tsiku ndi tsiku kuno ndi maselo otuwa kwambiri chifukwa chosowa ayironi, njoka za m'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi. Hyperchromia ndi pomwe kutuwa kwa pakati kuja kwasowa, selo lonse lafiira.

Koma selo lili ngati thumba la chimanga, likadzadza ladzadza basi. Makina amayeza kudzadza kwa himogulobini m'selomo, pa pepala amalemba MCHC ndipo mwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 32 ndi 36. Ikadutsa pamenepo ine choyamba ndimakayikira chubu osati wodwala, mwina magazi anaphwanyika potenga kapena muli mafuta ambiri, timatenganso ena. Ikabweranso yokwera ndiye timaganiza za maselo omwe asanduka obulungira ngati kampira, ena amabadwa nazo ena ndi chitetezo cha thupi lawo lomwe chikuwononga maselo. Kapamba sawalola oterewa, amawaphwanya asanakwanitse masiku 120 omwe selo limayenera kukhala, munthu nkuyamba maso achikasu, kapamba kutupa, magazi kuchepa. Mtundu wambiri, magazi ochepa.

Mayi aja nkhani yawo inali ina. Maselo awo anali akuluakulu, MCV, muyeso wa kukula kwa selo, yoposa 100, ndipo selo likakula limaoneka lofiira kwambiri ngakhale silinadzadze mopitirira. Nditayang'ana manja awo mfundo za zala zinali zakuda bii kuposa dzanja lonse, kuyeza kwina kunaonetsa kuti akusowa vitamini B12. Mankhwala a zidovudine, omwe ambiri anamwapo m'ma ARV akale aja, amachitanso zofananako, maselo kukula zikhadabo kuda.

Pakhungu mtundu wake ndi wina, melanini. Tonse tili nayo ndipo imatiteteza ku dzuwa, kungoti khungu lathu lakudali likapsa mtima pang'ono limaipanga yambiri. Chiphuphu chikapola, mphere zikatha, pomwe munakanda udzudzu utaluma, pamatsala banga ndipo limatha miyezi lisanazilale, sikuti matenda akadalipo ayi. Amayi oyembekezera ndi ena omwa mapilitsi olera amada m'masaya ndi pamphumi, dzina lake melasma, dzuwa limaonjezera.

Zomwe zimandidetsa nkhawa ndi zina. Khosi lakuda kumbuyoku lokhala ngati lakhuthala, anthu amakhula ndi mwala mpaka chilonda poganiza kuti ndi litsiro, pomwe nthawi zambiri thupi likuchenjeza za shuga makamaka mwa onenepa. Kuda ndi kusupuka kwa malo omwe dzuwa limawomba, pamwamba pa manja, mapazi, kuzungulira khosi ngati mkanda, kuphatikiza kutsegula m'mimba ndi mutu kusokonekera, imeneyo ndi pellagra, kusowa vitamini wotchedwa niacin mwa munthu wodalira chimanga chokhachokha. Mu 1990 inagwira anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique omwe anali kuno ku Malawi, mtedza utasiya kufika pa chakudya chomwe ankalandira. Lero timaionanso mwa ena omwe akumwa isoniazid wopewera TB, akatero abwerere ku chipatala msanga. Ndiye pali kuda kwa nkhama ndi mizere ya m'zikhatho, munthu akufooka, kuonda, BP yotsika, apo timaganiza za matenda a Addison, tiziwalo ta pamwamba pa impso tasiya kupanga mahomoni, ndipo kuno TB ndi imodzi mwa zomwe zimayambitsa.

Zodzola zoyeretsa zija, kunena zoona zimandikwiyitsa. Zambiri muli hydroquinone, ma steroid ngati clobetasol, zina mercury. Sabata zoyamba munthu amawala nkumayamikiridwa, akadzola zaka khungu limapyapyala, mitsempha kuonekera, kenako m'masaya mumatuluka kuda kobiriwira komwe kuchotsa kwake nkovuta kwambiri kuposa banga lomwe amathawa lija.

Mayi aja nawonso anali atagula kabotolo kumsika ka mfundo za zala zija. Tinawauza akasiye, anayamba jakisoni wa B12, magazi anakwera m'masabata ochepa koma zala zinatenga miyezi. Atabwera ku sikelo ya mdzukulu wawo anandiimitsa pakhonde lomwe lija, osapereka ndi moni womwe, kungonditambasulira manja onse awiri.