Kuchoka m'ndende kupita m'kalasi: zimene alangizi amachita ku California

Munthu akamatuluka m'ndende ya boma ku California amapatsidwa madola 200 oyambira moyo. Ndalamayi sinakwere kuyambira 1973. Ndiye mukamva kuti munthu yemweyo akufuna digiri, mukhoza kuganiza kuti akulota masana. Koma ambiri akuipeza digiriyo, ndipo m'mayunivesite angapo muli antchito amene anawalembera zimenezi basi. Inenso ntchito yanga ndi yomweyo. Anthu akandifunsa amaganiza kuti ndimaphunzitsa. Ayi, masiku ambiri ndimathera pa mafomu, makalata ndi foni.

Amene anatsegula njira ndi John Irwin. Iyeyu anakhala zaka zisanu m'ndende ya Soledad pa mlandu wakuba moopseza ndi mfuti, atatuluka anaphunzira mpaka kukhala pulofesa pa San Francisco State University. Mu 1967 anayambitsa Project Rebound kuti ena otuluka m'ndende asavutike okha monga anavutikira iye. Kwa zaka zambiri inali pa sukulu imodzi yokhayo, koma kuyambira 2016 inafalikira m'masukulu ena a California State University. Pa yunivesite ya ku Berkeley ophunzira eni ake anayambitsa gulu lofanana nalo lotchedwa Underground Scholars mu 2013.

Ntchito imayamba munthu asanatuluke. Kumabwera kalata yolemba pamanja, nthawi zina ndi pensulo, yofunsa kuti: ndikutuluka chaka chamawa, nditani? Timayankha papepala chifukwa intaneti ya m'ndende, kumene ilipo, ndi yotsekedwatsekedwa. Chimene chimatidyera nthawi ndi kusonkhanitsa mapepala a zimene anaphunzira kale. Mkaidi amasamutsidwa kuchoka ndende ina kupita ina, ndiye kosi imodzi anaichita ndi koleji iyi, ziwiri ndi koleji ina kudzera pa positi, ina anaisiyira pakati tsiku limene anamusamutsa. Tikapanda kuzilondola zonsezi, munthu amabwereza zimene anakhoza kale n'kuwononga thandizo la fizi limene lili ndi malire.

Thandizo lalikulu la boma kwa ophunzira osauka ku America ndi Pell Grant. Mu 1994 lamulo linaletsa akaidi kulandira ndalamayi, ndipo makoleji ambiri a m'ndende anatseka. Chiletsocho chinatha pa 1 July 2023. Amene anatuluka kale m'ndende sichinkawakhudza, koma mpaka lero ndimakumana ndi anthu okhulupirira kuti mlandu wawo unawatsekera khomo moyo wonse. Anamva kwa mnzawo, n'kugwa ulesi. Chimene chimatsekadi khomo nthawi zambiri ndi ngongole yakale ya sukulu imene inasiya kulipidwa munthu ali mkati, ndipo imeneyo ili ndi njira yake yoikonzera.

Palinso funso lija la pa fomu yofunsira malo: kodi munapezekapo ndi mlandu? Bungwe la Center for Community Alternatives litafufuza mu 2015 pa State University of New York linapeza kuti mwa anthu atatu oyankha kuti inde, pafupifupi awiri sankamaliza n'komwe kufunsira malo. Sikuti sukulu inkawakana. Ankatopa ndi mapepala owonjezera amene ankawafunsa, ena ankachita manyazi. Yunivesiteyo inachotsa funsolo, ndipo fomu ya Common Application, imene makoleji ambirimbiri amagwiritsa ntchito, inalichotsanso mu 2019.

Munthu akalowa, mavuto amasintha nkhope. Taganizani bambo wa zaka 45 amene anamangidwa mafoni a m'manja asanafike paliponse. Nkhani yake wailemba bwino kwambiri, mwina kuposa achinyamata a m'kalasi mwake, chifukwa m'ndende anawerenga mabuku osawerengeka. Koma wakhala kutsogolo kwa kompyuta, ikumufunsa nambala yachinsinsi imene yatumizidwa pa foni, foniyo yatha moto, ndipo nthawi yoperekera ntchito ikutha pakati pa usiku. Sangadzutse dzanja kufunsa mwana wa msinkhu wa mwana wake. M'ndende anaphunzira kuti kusonyeza kuti sukudziwa kanthu n'kudziika pangozi. Tikapanda kumuona sabata imeneyo, sabata yotsatira sabweranso.

Apa m'pamene mlangizi amene anakhalapo m'ndende amaposa ife tonse. Amadziwa chifukwa chake wophunzira watsopano amasankha mpando wakumbuyo woyang'ana kukhomo, ndiponso chifukwa chake amanjenjemera munthu akamudutsa kumsana m'chipinda chodyera. Sachita kumufunsa. Amangoti tiye tikadye, n'kukhala naye. N'chifukwa chake mapologalamu ngati Project Rebound amakonda kulemba ntchito anthu amene anadutsamo.

Kenako pali wapolisi wa parole, amene amayang'anira munthu wotuluka m'ndende kuti azitsatira malamulo amene anamuikira. Munthu womasulidwa pa parole ku California sapita mtunda woposa mamailosi 50 kuchokera kumene akukhala popanda chilolezo. Tsiku lokaonekera likhoza kugwera pa tsiku la mayeso. Kunyumba yogona ongotuluka kumene kumakhala nthawi yotsekera chipata, pamene kalasi ina imatha usiku. Timalemba makalata, timaimba foni, timapempha. Pa yunivesite ya ku Fullerton, a Project Rebound anafika pokonza nyumba yawoyawo ya ophunzira otere, n'kuitcha dzina la John Irwin.

Opereka ndalama amakonda kumva nambala imodzi: bungwe lofufuza la RAND linapeza mu 2013 kuti ophunzira ali m'ndende mwayi wawo wobwereranso kundende akatuluka umatsika ndi 43 peresenti. Nambalayi imatithandiza kupempha ndalama, koma ine sindiikonda kwenikweni. Wophunzira wina aliyense timamuyeza ndi magiredi ake, uyu yekha timamuyamikira kuti sanamangidwenso.

Kukambirana kowawa kwambiri kumabwera posankha maphunziro. Wina amafuna unamwino kapena uphunzitsi, ntchito zimene zimafuna laisensi ya boma, ndipo bungwe lopereka laisensiyo limayang'ana mbiri ya mlandu. Likhoza kuvomera, likhozanso kukana munthu atamaliza kale zaka zinayi. Sitimuuza kuti asiye. Timamutumiza kwa loya kuti aone ngati mlanduwo ungafafanizidwe m'kaundula, timawerenga naye malamulo a bungwelo, ndipo timachita zimenezi m'chaka choyamba, asanawononge thandizo lake la fizi.