Mzinga wa pa wotchi paja ndi mkangano wa pa bawo

Aliyense amene anatsikapo minibasi pa Mangochi boma amaidziwa wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ya njerwa ija azungu anamanga pokumbukira mfumukazi yawo Victoria. Pambali pake pali kamzinga, anthu timangodutsa osakayang'ana nkomwe. Sabata yatha ndinakhala pa bawo chapafupi pomwepo ndiye akuluakulu awiri anayamba kukokana, wina akuti palibe nkhondo yabwino olo imodzi, munthu wa Mulungu sagwira mfuti basi, mnzakeyo akuti achimwene musatinamize, pakanapanda mizinga ngati uwowo bwenzi agogo anu atagulitsidwa ku msika wa akapolo ku Kilwa. Ine ndinangoti phee kumvetsera, koma nkhaniyi yandikhala mmutu mpaka lero.

Poyamba tivomereze kuti boma lathuli linabadwa ndi nkhondo. Mu 1891 Harry Johnston anabwera ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India nkumanga linga m'mbali mwa Shire moyang'anana ndi kwa Mponda, ndipo dzina loti Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, linachokera pamenepo, agogo ena mpaka pano lilime limawaterereka nkutchula dzina lakalelo. Chifukwa chimene ankapereka chinali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo tisanamizane, malondawo analipodi. Anthu ankagwidwa kutsidya kwa nyanja, nkuwolotsedwa pa zombo za mfumu Makanjira, kenako ulendo wapansi mpaka kugombe la nyanja ya mchere, pobwerako amalonda atasenza nsalu, mikanda, onga ndi mfuti zokagwirira anthu ena. Amishoni analalikira zaka ndithu koma zombo sizinasiye kuwoloka.

Mafumu achiyao sanagonje mwachibwana ayi. Mu Disembala 1891 Captain Maguire anaphedwa atapita kukaotcha zombo za Makanjira, Fort Maguire ija ndi dzina lake. Chaka chotsatira Jalasi anawathamangitsa azungu kuphiri kuja mpaka kuwalanda mzinga. Zinatenga mpaka 1895 kuti Makanjira ndi Jalasi agonje nkuthawira mbali ya Mozambique, ndipo mabwinja a Fort Mangochi ali kufupi ndi Namwera aja ndi a nthawi imeneyo. Ukapolo unathadi, apa mkulu wachiwiri uja sananame. Koma mfuti zomwezo zitamaliza ntchito sizinabwerere kwawo, zinatsala nkumaperekeza wotolera msonkho wa nyumba, ndipo midzi yomwe inaotchedwa pa nkhondozo munali amayi ndi ana amene sanagulitsepo munthu.

Anthu ophunzira zachipembedzo anaiganizira kalekale nkhani imeneyi. Kwa akhristu, Augustine kenako Thomas Aquinas anaphunzitsa kuti nkhondo ingaloledwe ngati wailamula ndi wolamulira woyenera, chifukwa chake nchachilungamo, komanso cholinga nchabwino. Ku mzikiti mashehe amatiuza kuti kumenya amene wakuyamba nkololedwa koma osapyola malire, osapha amayi, ana ndi nkhalamba. Pamapepala zimamveka bwino zedi. Vuto ndi loti amene amaweruza ngati chifukwacho nchachilungamo amakhala yemweyo wagwira mfutiyo.

Tsono tibwerere ku kamzinga kaja. Kanachoka mu sitima ya nkhondo yotchedwa Gwendolen, ndipo nkhani yake njoseketsa pang'ono. Mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba ku Ulaya, kapitawo wake Rhoades analamulidwa kukaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, yomwe inali pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhafen, kumene pano amati Liuli ku Tanzania. Anakaiombadi. Kapitawo wachijeremani Berndt anali mnzake womwa naye mowa ndipo uthenga woti kwayamba nkhondo unali usanamufike, ndiye akuti anapalasa kabwato atakwiya kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, eti kenako nkumuuza kuti aise ndiwe mkaidi tsopano. Azungu amaikonda nkhaniyi, amati inali nkhondo yoyamba ya pamadzi pa nkhondo yonse ija.

Kwa makolo athu kunalibe choseketsa. Iwo ankaitcha nkhondo ya chiwaya chifukwa cha kulira kwa mfuti yolavula zipolopolo ija, inde dzina lomwelo timatchulira pokazingira tchipisi lero. Fort Johnston inasanduka doko lotumizira asilikali ndi katundu kumpoto, ndipo amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala atengatenga, ambiri mokakamizidwa, kusenza mabokosi mpaka ku Tanganyika, akufa ndi njala, kamwazi ndi malungo. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican yomwe anailumikiza kwa Mponda kuti izinyamula ansembe ndi odwala, boma linailanda nkumanyamulira asilikali. Pano ndiye sindikuona chifukwa chilichonse chimene munthu wa kwa Chimwala kapena kwa Nankumba akanafera mkangano wa mafumu a ku Ulaya.

Amene ananena zimenezi poyera ndi John Chilembwe. Chakumapeto kwa 1914, magazi atakhetsedwa kale ku Karonga, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yonena kuti olemera, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe, osati amphawi achikuda amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana. Mphunzitsi wake Joseph Booth, amene anapita naye ku America mu 1897, anali munthu wokana nkhondo ya mtundu uliwonse. Koma taonani, pa 23 Januwale 1915 Chilembwe yemweyo anatuma anthu ake ndi mikondo, mutu wa mzungu woyang'anira minda William Jervis Livingstone unadulidwa ku Magomero, ndipo pofika kumayambiriro kwa Febuluwale Chilembwe mwini anali ataphedwa. Ndiye munthu amene nkhope yake ili pa ndalama zathu ali mbali iti pa bawo paja? Akuluakulu onse awiri ankamukokera kwawo.

Ndipo ife a Mangochi tili ndi chilonda chathuchathu. Mu Febuluwale 1965 Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, anatsika ndi anthu ake usiku nkulanda polisi ya pa boma pano pamodzi ndi mfuti, ulendo wa ku Zomba kukachotsa Kamuzu. Anakakanika pa Liwonde poti pantoni inali tsidya linalo. Chipembere anathawira kunja nkukamwalira ku America mu 1975, koma amene analipira ndi anthu akumidzi cha ku Malindi uko, nyumba kuotchedwa, anthu kutengedwa osabwerako msanga, womuthandiza wake Medson Silombela kunyongedwa ku Zomba. Kodi analakwa kulimbana ndi nkhanza? Ine pakamwa pamandilemera kunena kuti analakwa, koma Kamuzu anadzagwa ndi kalata ya mabishopu ya 1992 ndi voti ya pa 14 Juni 1993, osati ndi mfuti za 1965 zija. A Mboni za Yehova nawo, amene sagwira mfuti ndipo anakana ngakhale khadi la chipani, analetsedwa mu 1967, anamenyedwa, anathawa dziko, sanabwezere, ndipo lero alipo akugogoda m'makomo mwathu.

Mkulu wachiwiri uja ndimamupatsa 1891, monyinyirika, chifukwa sindikudziwa chimene chikanaimitsa zombo za Makanjira. Zinazo ndili ndi woyambayo. Atatopa kukangana iye anangoloza cha kumanda a asilikali a nkhondo yoyamba aja ali pa boma pano, osesedwa bwino, miyala yolembedwa mayina, nkunena kuti agogo ake anatengedwa utengatenga atangokwatira kumene, anakwera sitima padoko lomweli, ndipo iye anakayang'anapo mwala ndi mwala, dzina lawo palibe.