Ukale pawokha suliza gitala

Pafupifupi aliyense wobwera ndi gitala kuti ndimukonzere amayamba ndi mawu omwewo: "Bambo, iyi ndi yakale, zamasiku ano n'zachinyengo." Mawuwa andikwana.

Zina zidasinthadi. Kampani ngati Martin ya ku America, yomwe idayamba mu 1833, inkagwiritsa ntchito mtengo wa rosewood wa ku Brazil, koma mtengowo udayamba kutha m'nkhalango mpaka mu 1992 malonda ake pakati pa mayiko adaletsedwa. Magitala ambiri otchipa omwe mumawaona m'mashopu ku Limbe ndi a pulaiwudi yopakidwa vanishi wokhuthala, ndipo thabwa lotere silinjenjemera bwino, mawu amangotsamwa m'kati. Komabe makina amakono amadula khosi mosaphonya, ndipo gitala yatsopano yokhala ndi thabwa lenileni la spruce kumaso imalira bwino kuposa zakale zambiri zomwe anthu amazitamanda.

Chomwe chikupha magitala athu ndi nsambo. Nsambo zachitsulo zimakoka pafupifupi makilogalamu 70, pomwe za nayiloni zimakoka pafupifupi theka lake. N'chifukwa chake gitala yopangidwira zachitsulo imakhala ndi timitengo topingasana ngati X pansi pa thabwa, komanso chitsulo m'khosi chomwe kampani ya Gibson idayamba kuika cha m'ma 1920. Ya nayiloni timitengo take n'topepuka, sitingapirire kukoka kotere.

Sindiiwala mnyamata wina wa kwaya ku Ndirande. Adabwera ndi gitala yomwe agogo ake adagula ali ku migodi ku Johannesburg, ya nayiloni, yopepuka m'manja, mawu ake okoma. Mnyamatayo adaimanga nsambo zachitsulo kuti izimveka m'tchalitchi. Buriji, kathabwa komangirapo nsambo kumaso kwa gitala, itayamba kutukuka adazengereza, kenaka adapita kwa munthu wina amene adathirapo supa guluu, n'kuboola thabwa, n'kumanga mabawuti awiri. Thabwa lidang'ambika kutsata mabowo omwewo. Guluu wa amisiri amamatuka ndi kutentha ndi chinyezi, mmisiri n'kukonza bwinobwino. Supa guluu amalowerera m'mtengo, pomatula amachoka ndi thabwa lomwe. Gitala ija idalira ndithu, koma mawu a agogo aja sadabwererenso.

Chonde, yesani kulowetsa pepala kumbuyo kwa buriji. Likalowa, masulani nsambo lero lomwe, musadikire Lamulungu lidutse. Musaisiyenso m'galimoto padzuwa la Okutobala, guluu amafewa. Ndipo amene akutulutsa dirilo kapena misomali kuti akonze gitala yanu, mulandeni musanamalize n'komwe kupatsana moni.