Kukhala phee pakati pa mitengo

Pa ntchito yanga yopereka uphungu kwa anthu opsinjika maganizo, pali langizo limodzi limene anthu amalilandira modabwa. Ndikawauza kuti apeze malo a mitengo yambiri, azikakhalako kanthawi sabata iliyonse, ambiri amafunsa kuti, “Ndiye ndikafikako ndizikachita chiyani?” Pamenepo m'pamene pagona nkhani. Tinazolowera kuti mphindi iliyonse izibala kanthu, mpaka kupuma kwenikweni tinakuiwala.

Mayi wina amene tulo tinkawavuta anayesa ulendo woyamba n'kubwerako okhumudwa. Anavala nsapato zothamangira, foni ili m'manja ikuwerenga mapazi awo, ndipo pa mphindi 40 anali atazungulira nkhalango yonse. Nditawafunsa kuti anamva mbalame zingati, anangoti kukamwa yasa. Ndinawapempha kuti ulendo wotsatira foni ikakhale m'chikwama, ayende ngati munthu wosafulumira kulikonse, ndipo akapeza mtengo wowasangalatsa akhale pansi. Atabwerako anandifotokozera za nyerere zimene zinandanda pa khungwa zikukwera, ndi mmene dothi la pansi pa masamba ofota limanunkhirira ukalipalasa ndi chala. Nkhope yawo inali ina.

Anthu a ku Japan zimenezi anazipatsa dzina. M'chaka cha 1982 nthambi ya boma yoona za nkhalango kumeneko inayamba kulimbikitsa mchitidwe wotchedwa shinrin-yoku, kutanthauza kusamba m'nkhalango. Si kusamba ndi madzi ayi, koma kulola kuti mpweya, fungo, kuwala ndi phokoso la m'nkhalango zikukute. Nkhalango ya Akasawa, m'chigawo cha Nagano, ndi imene inayambira kulandira anthu pa cholinga chimenechi. Pambuyo pake Yoshifumi Miyazaki wa ku yunivesite ya Chiba ndi anzake anayeza malovu a anthu amene anakhala m'nkhalango ndi a amene anakhala pakati pa tauni. Anapeza kuti cortisol, homoni imene imachuluka munthu akapanikizika, inali yochepa mwa a kunkhalango, mtima ukugunda modekha, magazi nawonso osathamanga kwambiri.

Qing Li wa ku Nippon Medical School anafufuza za chitetezo cha m'thupi, ndipo anaona kuti maselo ena olimbana ndi matenda ankagwira ntchito mwamphamvu anthu atakhala masiku 3 m'nkhalango. Iye akuganiza kuti mafuta onunkhira amene mitengo imatulutsa podziteteza ku tizilombo ndi amene amathandiza. Koma pa kafukufuku wake woyambayo panali amuna 12 okha, ndiye ine sindiuza munthu aliyense kuti fungo la mitengo limachiza matenda.

Chimene ndimachikhulupirira kwambiri, chifukwa ndimachiona ndi maso, ndi chimene Rachel ndi Stephen Kaplan a ku yunivesite ya Michigan ku America anafotokoza. Iwo anati chidwi cha munthu chili pawiri. Pali chidwi chochita kudzikakamiza, chimene timagwiritsa ntchito powerengera ndalama, poyankha mauthenga, podutsa msewu wodzaza magalimoto. Chimenechi chimatopa ngati mnofu, ndipo chikatopa munthu sachedwa kupsa mtima, amaiwalaiwala, kanthu kakang'ono kamamukulira. Ndiye pali chidwi chongobwera chokha: tsamba likugwa mozungulira, madzi akudumpha pamwala, mthunzi ukusuntha. Zoterezi zimakopa maso popanda kukulamula kuti uchitepo kanthu, ndipo nthawi imeneyo chidwi chotopa chija chimapezako mpumulo. N'chifukwa chake foni imawononga zonse. Uthenga umodzi wokha ukalira, mutu wabwerera kale kuntchito ngakhale thupi lili pansi pa mtengo.

Ngakhale kungoiona mitengo kuli ndi phindu. Mu 1984 Roger Ulrich anaunika mafayilo a odwala amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania, m'dziko la America. Amene windo lawo linayang'ana mitengo anatuluka msanga ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi amene ankangoona khoma la njerwa.

Nanga nthawi yake ikhale yochuluka bwanji? Kafukufuku wa mu 2019 wa anthu pafupifupi 20,000 ku England anasonyeza kuti amene ankakhala m'malo achilengedwe mphindi 120 kapena kuposerapo pa sabata ndi amene ankanena kwambiri kuti akupeza bwino, kaya nthawiyo anaithera tsiku limodzi kapena anaigawagawa. Nkhalango ikakhala kutali, paki kapena kamsitu ka m'mbali mwa mtsinje n'kokwanira.

Chonde, ngati mukumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a matenda a maganizo, musawasiye chifukwa cha nkhani ino. Ndipo ngati chisoni chakukanirirani kwa masabata, kapena mukuganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala kaye. Mitengo ikhale yothandizira chabe.

Popita, pitani kukuwala, muuzeko wina kumene mwalowera, valani nsapato zotseka chifukwa cha njoka ndi minga. Mphindi 10 zoyambirira maganizo amakhala akuthamangabe, akukukumbutsani ngongole ndi ntchito yosatha. Musalimbane nawo. Tsekani maso, mutchere khutu phokoso lakutali kwambiri limene mungamve, kenako lapafupi, mpaka mufike pa mpweya wanu womwe.