Njanji idadutsa kwathu, koma sadatifunse

Mwana amene adabadwa m'chaka cha 1997 lero ali ndi banja lake, koma sadaonepo sitima yochokera ku Limbe ikuima pa Bangula. Njanji amaidziwa ngati zitsulo zadzimbiri zomwe mbuzi zimagonapo masana. Tsono poti nkhani ya sitima yabwereranso, ndipo m'misika anthu akufunsana ngati kudzakhale mabogi onyamula anthu pakati pa Marka (kumalire ndi Mozambique), Nsanje ndi Bangula, ndi bwino tikumbutsane mmene njanjiyi idabwerera kuno ku Chigwa cha Shire.

Sidabwere chifukwa cha ife. Azungu a minda ya kumtunda, cha ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, ankafuna njira yotulutsira katundu wawo kupita kunyanja yamchere. Poyamba ankadalira sitima zapamadzi za mu Zambezi ndi mu Shire, koma madzi a Shire atayamba kuchepa sitimazo zinkatitimira mumchenga zisadafike ku Chiromo. Ndiye kampani ya Shire Highlands Railway idayala njanji kuyambira ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kuoloka Shire pa Chiromo, kukwera motsata Ruo mpaka kukafika ku Blantyre mu 1908. Kenaka adaitalikitsa kumwera kukafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi, wotalika kuposa makilomita atatu, utatsegulidwa, sitima idayamba kuyenda kuchokera ku Beira osatsitsa katundu panjira. Amang'anja ndi Asena adakumba, adasenza dothi, adayala zitsulo. Za komwe njanjiyo idutse zidagamulidwa kutali.

Komabe anthu adaitenga kukhala yawo, ndipo apa mpomwe mbiriyi imakoma. Agogo anga ankati tsiku la sitima pa Makhanga linkakhala ngati la chikwati. Amayi ankafika m'mamawa ndi madengu a makakana ndi milamba yowamba, ena mbatata za kudimba, ena mitolo ya nzimbe. Malonda ankachitikira pawindo: wogula ali m'bogi, wogulitsa ali pansi, ndalama ikuperekedwa sitima itayamba kale kusuntha, mayi akuthamanga m'mbali mwake chenje chili m'manja. Kuchokera ku Thekerani ndi ku Sandama kunkatsika nthochi ndi chinangwa. Mwana wasukulu, wodwala wopita ku chipatala cha ku Blantyre, mkamwini wothawa njala, onse ankakwera yomweyo. Palibe amene adakonza zoti njanji ikhale msika wa pakati pa Chigwa ndi mapiri. Anthu adadzipangira okha.

Kuduka kwake kudabwera pang'onopang'ono. Mu 1970 boma lidatsegula njanji ina yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, yolowera ku Nacala. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira, mlatho wa Dona Ana udaonongedwa, ndipo m'malo mwa mabogi, ku Nsanje kunkalowa anthu othawa nkhondo. Mu 1997 madzi adakokolola mtumbira wa njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula. Malowo anthu amawatchula kuti Mtayamoyo, ndipo amene adaolokapo pa bwato, njinga itagonekedwa pamiyendo, akuyang'anayang'ana ng'ona, safunsa tanthauzo la dzinalo. Kampani ya Central East African Railways (CEAR) itatenga njanji za dziko lino mu 1999, sitima ya anthu inkathera pa Makhanga. Nayonso idasiya madzi osefukira a mu Januwale 2015 atadutsa, pomwe Ruo adasiya khwawa lake lakale n'kudzipezera njira yatsopano pakati pa midzi.

Pakati pa zonsezi tidaonanso doko la Nsanje, lomwe malemu Bingu wa Mutharika adalitsegula ndi chimwemwe chachikulu mu Okutobala 2010. Sitima zapamadzi zomwe tinkayembekeza sizidabwere. N'chifukwa chake munthu wa kuno mukamuuza za chitukuko chachikulu amangoti, tiona.

Ntchito yokonzanso makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula idayamba mu 2022, a ku Mozambique atayamba kale kukonza mbali yawo kuchokera ku Mutarara kufika kumalire. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, zidaonekeratu kuti mapulani oyamba adachepetsa madzi, ndipo padafunika kukweza njanji ndi kukulitsa milatho. Mu Seputembala 2024 sitima yonyamula mafuta idafika pa Marka kuchokera ku Beira. Mafuta ndi abwino, tonse tidagonapo pamzere. Koma taonani kuti nkhani yayambiranso pa katundu, monga mu 1908.

Kusiyana kwake n'kwakuti lero lamulo limafuna kuti ntchito yaikulu isadayambe, aunike mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo eni dera afunsidwe. Pali makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera la mfumu yaikulu, pali anyakwawa, pali khonsolo. Vuto lili pa kafunsidwe. Ndidakhalapo pa msonkhano wina wotere pansi pa mtengo wa msawu. Alendo adafika dzuwa lili paliwombo, adatambasula mapu pa bonete ya galimoto, adalankhula za mamita omwe munthu ayenera kutalikira kuchokera panjanji, kenaka kaundula adayamba kuzungulira kuti tisaine. Mafunso onse adathera pa chipukuta misozi, ndipo m'pomveka, chifukwa pa zaka zonsezi ena adamanga nyumba, ena adalima mapira m'mbali mwenimweni mwa zitsulo. Gogo wina wamkazi adaimirira, nagwada pang'ono kupereka ulemu kwa mfumu, nafotokoza kuti pomwe alendowo adalemba kalavati kakang'ono mpomwe mtsinje wochokera kumapiri umataya mchenga chaka chilichonse, ndipo mtumbira ukakwera popanda potulukira, madziwo adzabwerera m'nyumba za anthu. Adamuombera m'manja. Sindidaone wina aliyense akulemba.

Za sitima ya anthu sizidatchulidwe n'komwe tsiku limenelo: idzaima pati, kangati pa sabata, dengu la nsomba lidzalipira zingati, ng'ombe zopita kudambo zidzaolokera pati. Ndipo ngakhale njanji itafika pa Bangula mawa, a ku Makhanga, Muona ndi Fatima adzakhalabe tsidya lina, chifukwa pakati pawo ndi siteshoniyo pali Shire, pali Mtayamoyo, ndipo mwini bwato salola ngongole.