Amene ankalankhulira mafakitale pa nthawi ya mliri wa COVID-19

Pamene boma la Zimbabwe linalamula kuti anthu akhale m'nyumba kwa masiku 21 kuyambira pa 30 Malichi 2020, mafakitale ambiri a ku Workington, Southerton, Graniteside, Msasa ndi Willowvale, madera a mafakitale mu mzinda wa Harare, anatseka zipata, ndipo abale athu a ku Mufakose, Mabvuku, Highfield ndi Epworth, amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito kuno, anangokhala pakhomo osadziwa ngati malipiro a mwezi wotsatira adzatuluka. Pa 19 Epulo, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anawonjezera masikuwo koma analola kuti migodi ndi mafakitale ena ziyambirenso ntchito. Anthu ambiri amayesa kuti kusintha kotere kumangochokera m'mitu ya nduna. Ife amene timagwira ntchito yolangiza mafakitale tikudziwa kuti kuseri kwake kumakhala mabungwe a eni mafakitale, amene ntchito yawo siwoneka kawirikawiri pa nyuzi.

Mabungwe odziwika kwambiri muno mu Harare ndi Confederation of Zimbabwe Industries (CZI), Zimbabwe National Chamber of Commerce (ZNCC) ndi Employers' Confederation of Zimbabwe (EMCOZ). Makampani amalowamo mwakufuna kwawo ndipo amasonkha ndalama chaka ndi chaka. Bungwe lotere lilibe mphamvu yopanga lamulo kapena yotsegula chipata cha m'malire. Chimene lili nacho ndi makalata, ziwerengero, ndi mwayi wokhala pansi ndi akuluakulu a unduna wa zamafakitale ndi zamalonda. Fakitale imodzi ikadandaula, boma limaona ngati ndi mwini wake amene akulirira phindu lake, koma mafakitale mazana akabwera ndi dandaulo limodzi lolembedwa bwino, nkhaniyo imasanduka ya ntchito za anthu ndi msonkho wa boma.

Nkhondo yoyamba inali ya mndandanda wa ntchito zofunikira. Lamulo la Statutory Instrument 83 of 2020 linalola kuti opanga zakudya, mankhwala ndi zina zotero apitirize kugwira ntchito, zomwe zinali zanzeru ndithu papepala. Vuto ndi lakuti wolemba lamulo amaona buledi, koma saona zimene zimachititsa kuti bulediyo afike m'sitolo. Ophika buledi amafunika mapepala apulasitiki okulungira, opanga mapepalawo amafunika inki ndi zipangizo zochokera kunja, ndipo onsewa amadalira kampani yaing'ono yosula zitsulo makina akathyoka. Mmodzi yekha mwa amenewa akatsekeredwa, fakitale yololedwayo imaima ngakhale ili ndi chilolezo m'manja. Ntchito ya bungwe inali kufunsa mamembala ake kuti atchule onse amene amawadalira, kusonkhanitsa mayinawo, ndi kukafotokozera unduna chifukwa chake wosindikiza zolemba za pabotolo ayenera kuwerengedwa pamodzi ndi wopanga mafuta ophikira. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero, koma m'kuona kwanga ndi imene inapulumutsa ntchito zambiri kuposa misonkhano yonse ya atolankhani.

Kenaka panabwera za tsiku ndi tsiku. Wantchito ankayenera kuonetsa kalata ya abwana ake pa malo alionse amene apolisi anatchinga msewu, ndipo poti makombi (maminibasi) analetsedwa, aliyense ankadikira basi ya ZUPCO, kampani ya mabasi ya boma, pa mzere wautali kuyambira mbandakucha. Kumayambiriro kwa Meyi, pamene malamulo anafewetsedwa, mabizinesi analoledwa kutsegula kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, ndipo makampani anauzidwa kuti ayezetse antchito awo. Kwa mwini sitolo maola amenewa ndi okwanira, koma fakitale imene ili ndi ng'anjo kapena boyila imatha maola angapo ikungotenthetsa makina, ndiye kuzimitsa masana aliwonse ndi kuwononga malasha ndi magetsi pachabe. Zipangizo zoyezera nazo zinali zodula ndi zosowa. Zinthu ngati izi mkulu wa zaumoyo sangazidziwe pokhapokha wina atamuuza, ndipo wouzayo ayenera kubwera ndi njira ina yotetezera anthu, osati kungopempha kuti lamulo lichotsedwe.

Za m'malire zinali zovutirapo chifukwa zinkakhudza maboma angapo. Zimbabwe, monganso Malawi, ilibe doko la panyanja, ndipo zipangizo zambiri za mafakitale zimalowera pa Beitbridge kuchokera ku South Africa kapena pa Forbes kuchokera ku Beira, pamene katundu wopita ku Blantyre amadutsa pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Dziko lililonse linkaika malamulo akeake okhudza kuyeza ndi kubindikiritsa madalaivala, kotero kuti thiraki inkatha masiku itaima. Mu Epulo 2020 bungwe la SADC linavomereza malangizo ofanana a kayendedwe ka katundu pakati pa mayiko, ndipo apa ndi pamene mabungwe a chigawo chonse, monga SADC Business Council ndi COMESA Business Council, amakhala ndi phindu, pakuti CZI payokha singakauze boma la Mozambique chochita.

Koma chimene chinkawasowetsa tulo eni mafakitale koposa mliri weniweniwo chinali ndalama zakunja. Banki yaikulu inali itaimika mtengo pa madola a Zimbabwe 25 pa dola imodzi ya America, pamene pamsika wamseri mtengo unali utapita patali, ndipo mu Julayi 2020 kukwera kwa mitengo kunapitirira 800 peresenti pa chaka. Amafakitale anali atapempha kwa nthawi yaitali njira yoonekera yogulira ndalamazi, ndipo pa 23 Juni 2020 Reserve Bank of Zimbabwe inayambitsa msika wopikisana wa mlungu ndi mlungu. Thumba la madola a Zimbabwe 18 biliyoni lothandizira kudzutsa chuma, limene boma linalengeza mu Meyi 2020, silinasangalatse ambiri, chifukwa makampani ochuluka ankadandaula kuti sanalione. Kafukufuku wa CZI anasonyeza kuti mafakitale ankagwiritsa ntchito 36.4 peresenti ya mphamvu zawo mu 2019, 47 peresenti mu 2020, ndi pafupifupi 56 peresenti mu 2021. Sindinganene kuti zonsezi zinadza ndi mabungwe, chifukwa kutsekedwa kwa malire kunachepetsa katundu wolowa mozemba, ndipo mvula ya 2020/21 inagwa bwino.

Pali mbali imene owerenga ambiri a nkhani ino ayenera kuidziwa bwino, chifukwa ndi imene inawakhudza. Bungwe limalankhulira amene amasonkha, ndipo osonkha kwambiri ndi makampani akuluakulu olembetsedwa. Akalipentala a ku Glen View Area 8 ndi owotcherera zitsulo a ku Siyaso ku Mbare nawonso ndi opanga katundu, koma pamene mafakitale ankatsegula iwo anali adakali otsekeredwa, ndipo m'madera ena khonsolo inagwetsa misasa ya ochita malonda pa nthawi yomweyo. Kalata yodutsira pamsewu inkafuna dzina la kampani ndi chidindo, zinthu zimene mmisiri wogwira yekha alibe. Wantchito wa m'fakitale nayenso asadzinamize kuti CZI kapena EMCOZ ndi womuyankhulira wake, pakuti nkhani ya malipiro, tchuthi chokakamizidwa ndi kuchotsedwa ntchito imapita kudzera ku mabungwe a antchito monga Zimbabwe Congress of Trade Unions (ZCTU), amene amakumana ndi boma ndi olemba ntchito mu Tripartite Negotiating Forum, yomwe inakhazikitsidwa mwalamulo mu 2019. Amisiri amene amandifunsa ndimawauza kuti alembetse gulu lawo, asunge kaundula wa mamembala wosonyeza chimene aliyense amapanga, anthu amene amawalemba ntchito ndi makampani amene amawagulitsa katundu, ndipo apite nawo ku unduna woona za mabizinesi ang'onoang'ono kusanagwe vuto lina.